Lipoti la Nkhani: Galimoto Yaliwiro Yakale Yogulidwa ndi Setifiketi Komanso Waranti ku Johannesburg

Nkhani iyi ndi ya bambo ena ochokera ku Mulanje amene akhala ku Johannesburg kwa zaka zambiri, ndipo ali ndi kampani yaing'ono yowotcherera mageti ndi kumanga mawaya amagetsi pamipanda ya nyumba. Ine ndine makaniko, galaja yanga ili cha kummwera kwa mzindawu, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kuunika magalimoto amene anthu akufuna kugula ndalama zisanachoke m'manja. Lipotili ndalemba bambowa atavomera, koma dzina lawo, malo amene anagulako galimoto ndiponso mtundu wa galimotoyo sindizitchula, chifukwa zimene anakumana nazo zingachitike pa galimoto yaliwiro ya kampani iliyonse.

Kumayambiriro kwa 2024 bambowa anandibweretsera zithunzi za magalimoto awiri a mtundu umodzi, onse a chaka cha 2020, a zitseko ziwiri, a injini ya masilinda 6 yokhala ndi turbo. Yoyamba inali ya munthu wamba amene ankaitsatsa pa Facebook Marketplace pa mtengo wa R610,000, itayenda makilomita 74,000. Yachiwiri inali pa shopu yovomerezeka ndi kampani yopanga galimotoyo, pa R690,000, itayenda makilomita 68,000, ndipo pagalasi pake anamatapo chikwangwani chakuti yaunikidwa, ili ndi setifiketi komanso waranti. Funso lawo linali lalifupi: "Achimwene, R80,000 yapamwambayi ndikugula nayo chiyani, pepala lokha basi?"

Yankho la funsoli limayambira ku malamulo, boneti tisanatsegule n'komwe. Lamulo loteteza ogula la dziko la South Africa, Consumer Protection Act ya 2008, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, limanena m'gawo 56 kuti katundu wogulidwa kwa munthu amene kugulitsako ndi bizinesi yake amakhala ndi chitetezo cha miyezi 6, ndipo akapezeka ndi vuto, wogula ndiye amasankha pakati pa kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Chitetezochi chimakhudzanso magalimoto akale. Munthu wamba wogulitsa galimoto yake lamuloli silimumanga, iye amagulitsa mwa njira imene kuno amati voetstoots, ndiye kuti mwaitenga mmene ililimo, ndipo injini ikafa mawa lake, chimene chimatsala ndi kukatsimikizira khoti kuti wogulitsayo ankalidziwa vutolo n'kulibisa dala, mlandu umene umadya nthawi komanso ndalama za maloya. Komabe ndinawauza bambowa kuti miyezi 6 imeneyi imapezeka pa shopu iliyonse yogulitsa magalimoto, ngakhale timashopu ta m'mbali mwa Jules Street ku Malvern, choncho si chimene setifiketi ikuwonjezera. Chitetezocho chili ndi malire akenso: vuto limene munauzidwa poyera n'kulisainira siliwerengedwa, ndipo makhoti anagamulapo kuti kavuto kakang'ono kokonzeka msanga si chifukwa chokwanira chobwezera galimoto yonse.

Bambowa anali ndi maganizo olembetsa galimotoyo m'dzina la kampani yawo. Ndinawatumiza kwa wowerengera ndalama wawo, amene anawatsimikizira zinthu ziwiri zimene ndinkaziganizira kale. Kampani imene katundu wake kapena ndalama zake zapachaka zafika R2 miliyoni sitetezedwa ndi lamulo la ogula lija, ndipo msonkho wa VAT wa pa galimoto yonyamula anthu ngati imeneyi nthawi zambiri subwezedwa kwa kampani ya ntchito ngati yawoyi. Zitatero, anasankha kugula m'dzina lawo.

Galimoto ya munthu wamba ndinaiunika poyamba. Titafika tinapeza injini ili yotentha kale, ndipo zimenezi sindizikonda, chifukwa phokoso la tcheni cha mu injini komanso utsi woyamba zimadziwika bwino galimoto ikamalizidwa itagona usiku wonse. Kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti kanaonetsa mamaikironi pafupifupi 120 padenga ndi pazitseko, monga zimakhalira galimoto ikachokera kufakitale, koma pa mbali ya kumbuyo kumanja kanakwera kupyola 400, chizindikiro chakuti pansi pa pentiyo panapakidwa phala lowongolera chitsulo chopindika. Nditakweza kapeti ya m'buti ndinaona msoko wowotcherera wosafanana ndi wa mbali inayo, wokhala ndi timabampu ngati timene amasiya munthu wowotcherera pamanja, ndipo bambowa, popeza kuwotcherera ndi ntchito yawo, anangougwira ndi chala n'kupukusa mutu osanena kanthu. Mapepala ake ankati Code 2, kutanthauza galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito, osati Code 3 imene imapatsidwa kwa galimoto yomangidwanso. Apa anthu ambiri amapusitsika, pakuti galimoto imene a inshuwalansi anaiona kuti kuikonza n'kokwera mtengo kuposa phindu lake ikhoza kugulitsidwa pa okushoni, munthu n'kuikonza, n'kubwereranso pamsewu ikadali Code 2. Nditalumikiza kompyuta ndinapezanso kuti pulogalamu yoyendetsa injini inasinthidwa kuti iwonjezere mphamvu, ndipo m'mbiri ya sevisi munali mpata wa chaka chathunthu. Wogulitsayo ankati pulani ya kampani ikadalipo, koma galimoto yosinthidwa chotere, yokonzedwanso kumalo osadziwika, kampani ili ndi zifukwa zokwanira zoikanira pa tsiku limene mwini wake akuifunitsitsa thandizo.

Galimoto ya pa shopu inali yabwino kuposa pamenepo, koma sinali yopanda banga monga mmene pepala lake linkanenera. Penti anali wofanana paliponse, pulogalamu ya injini inali ya kufakitale, ndipo sevisi iliyonse inalembedwa m'kompyuta ya kampani pa nthawi yake. Pepala la kuunika linali ndi mizere yambirimbiri, uliwonse wochongedwa kuti uli bwino. Mzere wa matayala unali wochongedwanso, pamene matayala akutsogolo anali atatsala ndi mamilimita awiri okha. Sikuti shopuyo inanama, popeza malamulo a pamsewu a dziko lino amalola tayala kuyenda mpaka litatsala ndi milimita imodzi, koma tayala lotere pa galimoto yamphamvu chonchi, m'mvula ya ku Gauteng imene imagwa ngati yakhuthulidwa, silingathe nyengo imodzi. Galimotoyo itakwezedwa m'mwamba ndinaona kuti rimu ya kumbuyo kumanzere inawotchereredwapo mkati, ndipo zimbale za mabuleki akutsogolo zinali ndi mlomo m'mphepete wosonyeza kuti zatsala pang'ono kufika pa malire ake. Setifiketi ya shopu imalembedwa ndi amene akugulitsa, ndipo ntchito yake ndi kutsimikizira kuti galimoto yakwaniritsa muyezo umene iwo eni anadziikira. Siyankha funso lakuti mwini watsopano adzawononga ndalama zingati m'chaka choyamba. N'chifukwa chake kuunika kwa munthu wapadera, kaya makaniko wodalirika kaya kampani ngati DEKRA, kumafunikabe ngakhale pa galimoto ya setifiketi. Titawasonyeza zimenezi, a shopu anavomera kuika matayala awiri atsopano ndi rimu ina, ndipo ndinaumirira kuti lonjezolo lilembedwe m'pepala la mgwirizano wogula, chifukwa mawu apakamwa a wogulitsa amatha mphamvu tsiku lotenga makiyi.

Chimene chinandichititsa kuwalangiza kuti alipire R80,000 yapamwamba ija chinali m'mapepala ena amene wogulitsa ankangowatchula ndi dzina limodzi lakuti waranti. Pali zinthu zitatu zosiyana zimene anthu amazisokoneza. Waranti yeniyeni imalipira chiwalo chimene chawonongeka chifukwa cha vuto la kapangidwe, ndipo sikhudza zinthu zimene zimatha ndi kuyenda. Service plan imalipira sevisi yokhazikika yokha, monga oyilo, mafyuluta ndi mapulagi. Maintenance plan ndiyo yotambalala, chifukwa imalipira sevisi, zinthu zotha ndi kuyenda monga mabuleki ndi mawaipa, komanso ziwalo zowonongeka, ngakhale kuti matayala, marimu ndi magalasi siziwerengedwa. Makampani akuluakulu a ku Germany akhala akugulitsa magalimoto awo atsopano m'dziko lino ndi pulani ya mtundu wachitatuwu ya zaka 5 kapena makilomita 100,000, monga Motorplan ya BMW, Freeway Plan ya Audi ndi PremiumDrive ya Mercedes-Benz, ndipo pulaniyo imatsatira galimoto ikagulitsidwa. Galimoto ya bambowa inalembetsedwa koyamba pakati pa 2020, choncho inatsala ndi chaka chimodzi ndi miyezi ingapo, kapena makilomita 32,000, malinga ndi chimene chingayambe kukwana. Waranti ya kufakitale inali itatha kale. Chuma chenicheni cha galimotoyo chinali pulani yotsalayo pamodzi ndi mbiri yoyera imene inachititsa kuti pulaniyo ikhale yamoyo, ndipo ndinawapempha a shopu kuti asindikize tsiku lenileni lothera pulaniyo kuchokera m'kompyuta yawo.

Nkhani ya ngongole siili m'manja mwa makaniko, koma ndinakhala nawo pamene ankawerengeredwa, ndipo manambala ake ndi ofunika pa chigamulo chonse. Bambowa anali ndi R140,000 yoperekeratu, kotero ngongole inali R550,000. Pa nthawiyo chiwongoladzanja cha prime, chimene mabanki amayambirapo powerengera ngongole, chinali 11.75 peresenti, ndipo banki inawapatsa 13 peresenti. Wa zandalama pa shopupo anayamba ndi njira yooneka yopepuka: miyezi 72, pafupifupi R9,100 pamwezi, n'kusiya 30 peresenti ya mtengo wa galimoto, imene ndi R207,000, kuti idzalipidwe kamodzi kumapeto, chimene amachitcha balloon. Njira inayo inali miyezi 60 popanda chotsalira, pafupifupi R12,500 pamwezi. Tikasonkhanitsa zonse, njira yoyamba inkadya chiwongoladzanja choposa R310,000, pamene yachiwiri inkadya pafupifupi R200,000, osawerengera tindalama tina ta banki. Balloon ili ngati kusesera zinyalala kuseri kwa chitseko: pabalaza pamaoneka poyera, koma tsiku losamuka mumazipeza zili pomwepo. Choopsa kwambiri pa galimoto yaliwiro n'chakuti pulani inkatha mu 2025 pamene ngongole ya miyezi 72 ikanatha mu 2030, kutanthauza zaka pafupifupi zisanu zolipira banki pa galimoto yokalamba yopanda chitetezo cha kampani. Bambowa anasankha miyezi 60. Iwo ali ndi chilolezo chokhalitsa m'dziko muno, n'chifukwa chake anapatsidwa mwayi wosankha. Amalawi amene ali ndi chilolezo cha ntchito cha zaka zowerengeka amapeza kuti mabanki amafuna ndalama yoperekeratu yokulirapo, ndipo kawirikawiri salola ngongole kupitirira tsiku lothera chilolezocho, komanso munthu wa pasipoti yakunja amafunika traffic register number, nambala yomuzindikiritsa yoperekedwa ndi ofesi yolembetsera magalimoto, kuti galimoto ilembedwe m'dzina lake.

Inshuwalansi inawadzidzimutsa kuposa ngongole. Banki silola galimoto ya ngongole kuchoka popanda inshuwalansi yokwanira, ndipo makampani onse amene anawafunsa anafuna kuti muikidwe chipangizo cholondolera galimoto ikabedwa, anafunsa kumene imagona usiku, ndipo mtengo wake pamwezi unaposa kuwirikiza kawiri umene amalipira pa bakkie (pikapu) yawo ya ntchito. Anawonjezeranso inshuwalansi yolipira mpata umene umatsala pakati pa mtengo wa galimoto ndi ngongole ya ku banki galimoto ikabedwa kapena ikaphwanyikiratu. Petulo wake ndi wa mtundu wa 95, osati wa 93 amene amatsikirako mtengo kuno kumtunda. Zonsezi waranti sizikhudza ngakhale pang'ono.

M'mwezi wachitatu pulani inaonetsa ntchito yake. Bambowa anabwera pa galaja galimoto itayatsa nyali yochenjeza za madzi oziziritsa injini, ndipo pansi pa pampu ya madzi panali kutumphuka koyera kwa madzi amene anadontha n'kuuma. Mu injini zamakono za turbo ziwalo zambiri za njira ya madzi ndi zapulasitiki, ndipo zimakhala pa kutentha kwakukulu, makamaka mumzinda ngati uno umene uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo turbo imagwira ntchito yochulukirapo kuti injini isataye mphamvu. Sindinamasule bawuti ngakhale imodzi. Kuyambira pa 1 July 2021, malangizo a Competition Commission amalola mwini galimoto kukonzetsa kapena kuchititsa sevisi ku galaja yodziyimira payokha popanda kutaya waranti yonse, ndipo kwa ife eni magalaja ang'onoang'ono imeneyi inali nkhani yabwino. Koma ufulu umenewu sutanthauza kuti pulani ya kampani idzalipira ntchito yochitikira kwa ine, ndipo kulipiritsa munthu pa chinthu chimene analipira kale m'mtengo wa galimoto ndi kumubera. Ndinawatumiza ku shopu, kumene anasintha pampu, thermostat ndi mapaipi awiri popanda kulipira kanthu. Pa pepala la ntchitoyo mtengo wake unali pafupifupi R21,000. Miyezi ingapo pambuyo pake zimbale ndi mapadi a mabuleki akutsogolo zinafika pa malire, ndipo pulani inalipiranso pafupifupi R19,000, kuwonjezera pa sevisi ziwiri zokhazikika. Pofika tsiku lothera pulaniyo, zimene inalipira zinaposa theka la R80,000 ija, ndipo theka linalo ndimaliwerengera pa kusiyana kwa galimoto yowongoka ndi galimoto yowotchereredwa m'buti.

Chimene pulani sinathe kuwateteza nacho ndi msewu. Mu November chaka chomwecho, usiku wamvula, anagwera m'dzenje lodzaza madzi pa msewu wina wa m'dera lawo, ndipo tayala lakutsogolo linang'ambika m'mbali, rimu n'kupindika. Matayala a magalimoto otere ndi opyapyala m'mbali, mphira wake ndi wochepa moti sangameze kugunda kwa dzenje, ndipo mphamvu yonse imapita pa rimu ndi pa ziwalo zogwira gudumu. Galimotoyo ilibe tayala lapadera, inangobwera ndi kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu, zimene sizithandiza tayala likang'ambika m'mbali. Tayala, kuwongola rimu ndi kukonza alayimenti zinawatengera pafupifupi R11,000 ya m'thumba, chifukwa ndalama imene akanayenera kuyamba alipira okha ku inshuwalansi inali pafupifupi yomweyo. Matayala akumbuyo, amene ndi okulirapo, anatha asanakwanitse makilomita 25,000. Pa galimoto yaliwiro ndalama zambiri zimathera pa zinthu zimene palibe pepala lililonse limene limazilipira, ndipo amene akuwerengera mtengo wake poyang'ana waranti yokha amakhala atasiya kunja gawo lalikulu la bajeti.

December atayandikira, bambowa anabwera ndi nkhani imene ndinkaiyembekezera. "Abale kumudzi aionereko, asamangoti ku Joni timangokolopa," anatero akuseka. Ulendo wa pamsewu wopita ku Blantyre kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ndi wa makilomita oposa 1,700. Galimoto ya ngongole situluka m'dziko popanda kalata ya banki yololeza, pamodzi ndi mapepala a umwini otsimikizidwa ndi kalata ya inshuwalansi, koma zimenezi zimapezeka. Vuto linali m'mapepala a pulani yawo, mmene munatchulidwa mayiko amene thandizo lake limafikako, ndipo Malawi sanali pa mndandandawo. Galimoto ikanafera ku Tete kapena ku Mulanje, kuinyamula pa lole kubwerera ku Gauteng kukanakhala kwa iwo eni, ndipo makaniko aliyense amene akanaigwira kumeneko akanapereka chifukwa chokanira dandaulo lililonse lotsatira. Tikawonjezapo kufupika kwa galimotoyo pansi, mabampu a m'matauni a m'njira, misewu yafumbi ya kumudzi nthawi ya dzinja ndi kusowa kwa matayala a saizi imeneyo m'njira monse, ulendowo unali wosayenera. Anapita pa bakkie, galimoto yaliwiro n'kutsala m'galaja.

Mayesero ena anabwera kuchokera kwa anzawo a gulu la okonda magalimoto, amene anawauza kuti ndi ndalama zochepa angathe kusintha pulogalamu ya injini n'kuwonjezera mphamvu, ndiponso kuti pulogalamu yakale ikhoza kubwezeretsedwa tsiku lopita ku sevisi osadziwika. Zimenezi si zoona pa magalimoto ambiri amakono, pakuti kompyuta ya injini imasunga chizindikiro chakuti inalembedwapo, ndiponso imasunga mbiri ya mphamvu ya turbo ndi kuzungulira kwa injini, ndipo makina a kampani amaziwerenga galimoto ikangolumikizidwa. Anzawo omwewo amapita kukathamangitsa magalimoto pa masiku otsegulira anthu wamba ku Zwartkops kufupi ndi Centurion komanso ku Kyalami ku Midrand. Ndimo mmene galimoto yotere iyenera kusangalalidwira, kusiyana ndi kupikisana pa msewu waukulu wa N1 usiku, koma m'mapepala a bambowa, a pulani ndi a inshuwalansi omwe, munalembedwa kuti zowonongeka pa bwalo la mpikisano sizilipiridwa. Apa ndi pamene pali kuipa kwenikweni kwa kugula galimoto yaliwiro ndi waranti: munthu amalipira ndalama zambiri chifukwa cha mphamvu ya galimotoyo, kenako amalipiranso chitetezo chimene chimakhalapo pokhapokha ngati mphamvuyo sakuigwiritsa ntchito mokwanira. Bambowa anasiya injini mmene inalili, ndipo ku bwalo anapitako monga woonerera.

Pulani inatha pakati pa 2025 galimoto itayenda makilomita pafupifupi 87,000. Panali njira ziwiri zopitirizira chitetezo. Kampani yopanga galimotoyo inkalola kuwonjezera pulani, malinga ngati munthu walipira yakaleyo isanathe, koma mtengo wa chaka chimodzi unali waukulu moti bambowa, amene mwezi umenewo ankayembekezera malipiro a ntchito ziwiri zikuluzikulu, sanaukwanitse. Njira yachiwiri inali waranti yowonjezera ya kampani ina, ya zaka ziwiri, pa mtengo wa pafupifupi R14,000. Waranti ya mtundu umenewu kwenikweni ndi inshuwalansi ya kuwonongeka kwa ziwalo, ndipo mtima wake uli pa tebulo la malire limene limakhala mkati mwa kabuku kake: injini mpaka ndalama zakutizakuti, giyabokosi mpaka zakutizakuti, turbo, zamagetsi, chilichonse ndi denga lake. Malirewo amaikidwa poganizira magalimoto wamba, ndipo mitengo ya ziwalo za galimoto yaliwiro imawadumpha kutali. Tinawerenga tebulolo limodzi, mzere ndi mzere, ndipo bambowa anagula akudziwa kuti akugula chitetezo cha theka. Kabukuko kankafunanso kuti sevisi ichitike pa nthawi yake ku galaja yovomerezeka, monga ya m'bungwe la RMI, la ochita malonda ndi kukonza magalimoto, malisiti onse asungidwe, ndiponso kuti pasamasulidwe chilichonse kampaniyo isanapereke nambala yololeza ntchito.

Chakumapeto kwa chaka giyabokosi inayamba kugunda posintha kuchoka pa giya yachiwiri kupita yachitatu ikatentha, kenako tsiku lina inakana kupitirira giya yachitatu n'kuyatsa nyali. Kompyuta inaloza ku chigawo chimene chimaphatikiza mavavu a oyilo ndi ubongo wa giyabokosi, ndipo oyilo amene tinatulutsa anali wakuda koma wopanda tizitsulo, chizindikiro chakuti magiya enieniwo anali bwino. Ndinaimbira kampani ya waranti ndisanapitirize, inatumiza munthu wake woona zowonongeka, ndipo iye anapempha mbiri yonse ya sevisi kuyambira 2020. Apa mbiri yoyera ya galimoto ya setifiketi inagwiranso ntchito, chifukwa panalibe mpata uliwonse woti apezerepo chifukwa. Ntchito yonse inakwana R74,000. Malire a giyabokosi pa tebulo lija anali R35,000, ndipo kampaniyo inalipira ndalama imeneyo yonse, koma oyilo, fyuluta ndi zotsalazo, R39,000, zinachokera m'thumba la bambowa. Anakwiya, ndipo anandifunsa ngati pali kokadandaula. Madandaulo okhudza shopu kapena galaja amapita kwa Motor Industry Ombudsman of South Africa, ofesi yomva madandaulo a zamagalimoto, pamene okhudza waranti imene ili inshuwalansi amapita ku National Financial Ombud Scheme, imene inayamba ntchito mu March 2024 itaphatikiza maofesi angapo akale, ndipo konseko wodandaula salipira. Koma ndinawauza mosabisa kuti pa nkhaniyi panalibe mlandu, popeza kampaniyo inachita zimene inalemba. Akanakhala kuti anawonjezera pulani ya kampani yopanga galimoto, R74,000 yonseyo ikanalipiridwa, ndipo kusiyana kwa mitengo ya njira ziwirizo kukanabwezeka pa vuto limodzi lomweli. Zimenezi n'zosavuta kuziona vuto litachitika kale, ndipo chikhala kuti giyabokosi sinavute, njira yotsika mtengoyo ikanaoneka yanzeru.

Pa galimoto ya banja yotsika mtengo, imene ziwalo zake zimapezeka paliponse ndipo makaniko aliyense amaidziwa, nthawi zambiri ndimauza anthu kuti setifiketi ya shopu yaikulu si yofunika kuilipirira ndalama zambiri, bola galimotoyo iunikidwe bwino. Pa galimoto yaliwiro maganizo anga ndi ena. Mwini wake woyamba kawirikawiri amakhala kuti anaigula kuti aziithamangitsa, zimene anachita nayo sizioneka ndi maso, ndipo chiwalo chimodzi chokha chingadye ndalama zogulira galimoto ina yaing'ono. Pa galimoto yotere ndimavomereza mtengo wapamwambawo pokhapokha pulani ya kampani yopanga ikadali ndi nthawi yooneka, yolembedwa tsiku lake, ndipo wogulayo ali ndi ndalama yapadera ya matayala, marimu ndi inshuwalansi, komanso wakonzekera tsiku lothera pulani kuyambira pa tsiku logula. Galimoto ya setifiketi imene pulani yake yatha kale, n'kungomatidwa waranti ya tebulo la malire, siyenera mtengo wofanana ndi umenewu ngakhale chikwangwani cha pagalasi chikhale chimodzimodzi.

Pamene ndikulemba lipotili, ngongole ya bambowa yatsala pafupifupi R400,000, ndipo shopu ina yawauza kuti galimotoyo ingaigule pa R470,000. Akanatenga njira ya balloon, ngongole ikanakhala pafupifupi R480,000, ndiye kuti kugulitsa kukanafuna kuti awonjezere ndalama zawo kuti angomasuka. Waranti yowonjezera yatsala ndi chaka chimodzi ndi theka, ndipo malire ake a turbo ndi ochepa kuposa a giyabokosi. Ndawalangiza kuti ngati akufuna kuisunga azipatula R3,000 mwezi uliwonse m'akaunti yosiyana ndi ya kampani, ndipo ngati sangathe, aigulitse isanafike makilomita 100,000, pamene ogula ambiri amayamba kuchita mantha. Akazi awo akufuna igulitsidwe, iwo akufuna kudikira nyengo yamvula ithe, ndipo galimotoyo ibweranso pa galaja mwezi wamawa kudzasintha madzi a mabuleki ndi kuti ndidzaunike turbo.